Mizinga yomiza sitima: nkhondo yotha m'masekondi

Achikulire a ku Lunho ndi midzi yoyandikana nayo, monga Chiuanga ndi Messumba, nkhondo ya pamadzi sanachite kuimvera m'mabuku. Pa nkhondo yomenyera ufulu wa Mozambique, kuyambira 1964 mpaka 1974, Apwitikizi anali ndi msasa wa asilikali ku Lunho, malo omwe anyamata awo ankawaopa chifukwa cha mabomba okwirira m'misewu. Chakum'mwera pang'ono, padoko la Metangula, panali likulu la asilikali apamadzi. Maboti awo, monga Castor, Marte ndi Mercúrio, sanakhomedwere kuno. Anachita kunyamulidwa pa njanji ndi pa malole kuchokera kugombe la nyanja ya mchere, n'kudzatsitsidwa m'madzi athu kuti azilondera gombe ndi kutchingira mabwato a Frelimo ochokera ku Tanzania. Castor uja pambuyo pake anaperekedwa ku boma la Kamuzu Banda n'kupatsidwa dzina loti John Chilembwe. Tangoganizani, dzina la munthu amene anafa polimbana ndi atsamunda kulembedwa pa boti la atsamunda!

Chida cha maboti onsewa chinali mfuti. Kuti uwombere mdani, unkayenera kumuona kaye ndi kumuyandikira, ndipo nayenso ankakuona. Mmenemo ndi mmene zinalili ngakhale mu Ogasiti 1914, pomwe sitima ya Angerezi ya Gwendolen, motsogozedwa ndi Kaputeni Rhoades, inalowa padoko la Sphinxhaven, lomwe lero ndi Liuli ku Tanzania, n'kuwombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda. Kaputeni wa Chijeremani n'kuti asanamve n'komwe kuti ku Ulaya nkhondo yayamba.

Koma maboti a ku Metangula ali mkati molondera, kutali ku Egypt kunachitika chinthu chomwe chinadzidzimutsa akuluakulu a nkhondo dziko lonse. Pa 21 Okutobala 1967, sitima yankhondo ya Israel yotchedwa Eilat inkayenda makilomita pafupifupi 25 kuchokera ku Port Said. Maboti a Egypt a mtundu wa Komar, otalika mamita 25 okha, osasiyana kwenikweni ndi omwe ankaima pa Metangula, anaponya mizinga yopangidwa ku Soviet Union yotchedwa P-15, yomwe ena amati Styx. Eilat inamira, anthu 47 anafa. Mizinga yowongoleredwa inalipo kale, poti mu 1943 ndege za Ajeremani zinamiza sitima ya Angerezi ya Egret komanso chisitima cha Italy cha Roma ndi mabomba omwe munthu ankawawongolera pa wayilesi akuwaona ndi maso. Chachilendo mu 1967 chinali chakuti mzinga wodzisakira wokha sitima unaponyedwa ndi kaboti kakang'ono. Kuyambira pamenepo kukula kwa sitima kunasiya kukhala chitetezo.

Nanga chitsulo chopanda maso chimapeza bwanji sitima pakati pa nyanja?

Mzinga wotere ndi kandege kopanda woyendetsa. Uli ndi injini, timapiko, bomba, ndipo kumphuno kwake kuli radar. Usanaponyedwe, amauuza komwe sitima ili ndi komwe ikulowera, malinga ndi zomwe ndege yolondera, radar ya pamtunda kapena satelayiti yaona. Ukanyamuka, mbali yaikulu ya ulendo umayenda mwakachetechete, osatulutsa chizindikiro chilichonse. M'kati mwake muli tizida tomwe timamva kukhota kulikonse ndi kusintha kulikonse kwa liwiro, ndipo kompyuta imawerengetsa pomwe wafika. Masiku ano ambiri amathandizidwanso ndi GPS. Ukatsala pang'ono kufika ndi pomwe umayatsa radar yake. Radar imatumiza mafunde a wayilesi kutsogolo. Akagunda chitsulo chachikulu amabwerera, ndipo nthawi yomwe atenga kuti abwerere ndi imene imauza mzingawo kutalika kwa mtunda wotsala. Kenako umangolunjika komwe kukuchokera chizindikiro champhamvu. Mizinga ina yatsopano, monga NSM ya ku Norway, m'malo mwa radar ili ndi kamera yoona kutentha, choncho imafika osadziulula n'komwe.

Nzeru yaikulu komabe ili pa kutalika komwe mzinga umaulukira, ndipo apa msodzi wa ku Lunho angamve msanga kuposa munthu wa m'tauni. Mukaima pamchenga n'kumayang'ana nkacha ikupita kuchilimira, thupi la boti ndi lomwe limayamba kubisika, mitu ya anthu n'kutsalira. Kukacha bwino mumaona mapiri a tsidya la Malawi, koma gombe lake ayi. Si maso kufooka. Dziko ndi lobulungira, ndipo madzi amapindika nalo. Munthu amene maso ake ali mamita 2 pamwamba pa madzi amaona pamwamba pa nyanja mpaka makilomita 5 okha; kupitirira apo madziwo amakhala chitunda chotchinga. Radar ya sitima nayonso imayenda pafupifupi molunjika, sikhota kutsata madzi. Ikakhala pa mlongoti wa mamita 25, chinthu chouluka mamita 5 pamwamba pa mafunde imachiona chikafika makilomita pafupifupi 30.

Tsono werengetsani nokha. Mzinga wa Exocet, wopangidwa ku France, umathamanga mamita oposa 300 pa sekondi. Makilomita 30 umawatha m'masekondi osakwana 100. M'kanthawi kameneko woyang'ana radar ayenera kuona kadontho, kutsimikiza kuti si mafunde kapena ndege yawo yomwe, kuuza mkulu wake, mkuluyo n'kulamula, zida n'kuyamba ntchito. Mzinga wa BrahMos, womwe India ndi Russia anapangira limodzi, umathamanga pafupifupi katatu liwiro la phokoso, ndiye nthawi ija imatsika kufika pa masekondi 30 ndi pang'ono. N'chifukwa chake opanga mizinga anaika mtima pa kachida koyeza kutalika kuchokera pamadzi, kuti mzinga uzitha kuuluka chapansipansi osamenya funde.

Angerezi anaziona pa nkhondo ya ku zilumba za Falkland. Pa 4 Meyi 1982 ndege ya Argentina ya Super Étendard inaponya Exocet yomwe inaboola sitima ya Sheffield. Anthu 20 anafa, ndipo sitimayo inamira patapita masiku 6 akuikoka. Chomwe chinaimaliza ndi moto. Mzinga ukalowa m'sitima umabwera ndi mafuta ake otsala akuyaka, umadula mapaipi a madzi ozimitsira moto, ndipo utsi wa mawaya ndi mapulasitiki umadzaza tinjira ta m'kati. Pa 17 Meyi 1987, ma Exocet awiri ochokera mu ndege ya Iraq anagunda sitima ya America ya Stark, n'kupha anthu 37. Iyi inapulumuka chifukwa otsalawo analimbana ndi moto usiku wonse.

Oteteza sitima sanangokhala manja lende. Ali ndi mizinga yogwetsa mizinga inzake, ali ndi mfuti ngati Phalanx yomwe imadziwombera yokha zipolopolo masauzande pa mphindi, komanso makina osokoneza radar. Koma njira yomwe yapulumutsa ambiri ndi yonamiza. Amathira m'mwamba mtambo wa tizingwe ta aluminiyamu, ndipo kwa radar ya mzinga mtambowo umaoneka ngati sitima yaikulu kuposa yeniyeniyo. Zili ngati nyali ya siginala: usipa umatsata kuwala, sufunsa kuti wayatsa ndani. Mu Okutobala 1973, kufupi ndi doko la Latakia, maboti a Israel anagwiritsa ntchito njirayi pamodzi ndi makina osokoneza. Mizinga ya Styx ya Syria inaphonya, iwo n'kuyandikira ndi mizinga yawo ya Gabriel, yomwe inali yofika pafupi, n'kumiza maboti a Syria.

Apa ndi pomwe pali nkhani yomwe ogulitsa zida sakonda kuikamba. Mzinga ukanamizidwa sugwa pompo. Umapitirira, n'kusaka chitsulo china. Pa 25 Meyi 1982 sitima zankhondo za Angerezi zinathira tizingwe tija, mizinga inazilambalala, n'kukapeza Atlantic Conveyor, sitima ya katundu yomwe inalibe chodzitetezera. Anthu 12 anafa. Radar imaona kukula kwa chitsulo. Mbendera siiona, ndipo sidziwa ngati m'sitimamo muli mfuti kapena matumba a chimanga ndi amayi obereka ana.

Zaka zaposachedwapa zaonetsanso kuti sipafunika n'komwe boti. Mu Epulo 2022 sitima ya Moskva, yotalika mamita 186, yomwe inali mtsogoleri wa sitima za Russia pa Black Sea, inamira. Ukraine inati inaigunda ndi mizinga iwiri ya Neptune yoponyedwa kuchokera pagombe. Russia inati munabuka moto. Kumapeto kwa 2023, gulu la Houthi la ku Yemen linayamba kuponya mizinga ndi ma drone pa sitima za malonda pa Red Sea. Mu Malichi 2024 amalinyero atatu a sitima ya True Confidence anaphedwa. Makampani ambiri anasiya njira ya Suez n'kumazungulira kumunsi kwa South Africa, ulendo wowonjezera masiku 10 kapena kuposa, ndipo mtengo wa mafuta owonjezerawo ndi inshuwalansi umathera kwa wogula katundu.

Tibwerere kwathu. Nyanja yathu ndi yotalika makilomita oposa 560, koma pomwe yatambasuka kwambiri ndi makilomita pafupifupi 75. Mzinga wa liwiro la Exocet ungaoloke mtunda umenewo m'mphindi 4, ndipo mitundu yatsopano, yofika makilomita 200, ingapitirire. Pa nyanja yopapatiza chonchi palibe pobisala, ndipo zitsulo zikuluzikulu zomwe radar ingazione ndi sitima zonyamula anthu ngati Ilala, yomwe yakhala ikuyenda kuyambira 1951. Malire a Mozambique ndi Malawi pamadzi anakonzedwa ndi pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la 1954, zilumba za Likoma ndi Chizumulu n'kukhala za Malawi ngakhale zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique. Kumpoto mkangano wa Malawi ndi Tanzania unabukanso mu 2012 pa nkhani yofufuza mafuta, ndipo amene anapemphedwa kutsogolera zokambirana ndi mtsogoleri wakale wa Mozambique, Joaquim Chissano. Zokambirana zotere zimachedwa ndipo zimatopetsa, koma aliyense amene wamva masamu a masekondi aja sangafune njira inayo.

Ngozi ya sitima yoopsa kwambiri pa nyanjayi sinabwere ndi nkhondo. Mu Julayi 1946 sitima ya Vipya inagubuduzika ndi mphepo chakumpoto, anthu 145 n'kufa. Mpaka lero mwera ukadzuka, mabanja a m'mbali mwa nyanja amagona khutu lili kugombe. Radar, GPS, kamera yoona kutentha kwa thupi mumdima, zonse zomwe zimatsogolera mzinga, ndi zomwezonso zingapeze nkacha yomwe injini yazima pakati pa usiku. Ngati maboma a Mozambique, Malawi ndi Tanzania ali ndi ndalama zogulira asilikali apamadzi zida, ayambe ndi boti lopulumutsa anthu, wayilesi yochenjeza za mphepo ndi majekete oyandamitsa m'madoko a asodzi monga Metangula ndi Cóbuè.