Vuto la Mawu Opezekeratu Pomasulira Tirukkural m'Chipunjabi

Chitamil ndi Chipunjabi zonse zimayankhulidwa ku India, koma si ziyankhulo zapachibale. Chitamil, cha kummwera, chili m'banja la Dravidian, pamene Chipunjabi, cha kumpoto, chili m'banja la Indo-Aryan pamodzi ndi Chihindi. Buku lakale la Chitamil lodziwika koposa ndi Tirukkural la Tiruvalluvar, lomwe lili ndi ndakatulo 1,330 za mizere iwiri iwiri, zoikidwa m'mitu 133. Ram Murti Sharma adalimasulira m'Chipunjabi mu 1983, ndipo kumasulira kwa Tarlochan Singh Bedi kudasindikizidwa mu 2012 ndi bungwe la Central Institute of Classical Tamil la ku Chennai.

Vuto loyamba ndi la malembo. Chipunjabi cha ku India chimalembedwa m'malembo a Gurmukhi, omwe alibe lembo la liwu la Chitamil lija limalembedwa zh m'malembo a Chiroma. Komanso Chitamil chimasiyanitsa e ndi o aafupi ndi aatali, chinthu chimene Gurmukhi sachita. Motero maina ena amataya katchulidwe kake akalembedwa m'Chipunjabi. Izi n'zopiririka, pakuti wowerenga amatsatabe nkhani.

Vuto lalikulu lili pa mawu amene amaoneka ngati apezekeratu. Tirukkural lili ndi zigawo zitatu: aram (khalidwe lolungama), porul (chuma ndi kayendetsedwe ka dziko) ndi inbam kapena kamam (chikondi cha mwamuna ndi mkazi). Chipunjabi chidalandira ku Chisanskrit mawu atatu ooneka ngati ofanana nawo: dharam, arth ndi kam. Womasulira wofulumira angaganize kuti ntchito yatha.

Koma dharam m'Chipunjabi cha tsiku ndi tsiku amatanthauzanso chipembedzo, monga cha Asikh kapena cha Ahindu. Tiruvalluvar sadamangirire aram ku chipembedzo chimodzi. N'chifukwa chake Ajain ndi Ahindu omwe akhala akumuyesa wawo. Polemba dharam, womasulira amaveka bukulo chovala chachipembedzo chimene mwini wake sadalipatse.

Mawu akuti kam ndiwo ovuta zedi. M'chiphunzitso cha Asikh, kam ndi chilakolako choipa, chimodzi mwa zoipa zisanu zimene munthu ayenera kuzigonjetsa, pamodzi ndi mkwiyo, umbombo, kukangamira za dziko ndi kudzikuza. Pamenepo chigawo chachitatu cha Tirukkural, cha mitu 25, chimakamba za chikondi popanda kuchidzudzula: kukumana kwa okondana, kusungulumwa posiyana, ngakhale kunyanyalitsana kwawo. Wowerenga wa ku Amritsar akaona kam pamutu pa chigawochi adzayembekezera chenjezo, osati chiyamikiro. Chonsecho kamam ndi kam ndi ofanana m'maonekedwe ndi m'mamvekedwe, ndipo kufananako ndiko kumasocheretsa.

Njira zilipo ziwiri. Womasulira angathe kusankha mawu wamba a Chipunjabi, monga piar kapena prem pa chikondi ndi neki pa khalidwe labwino, kapena kusunga aram ndi inbam momwe alili n'kuwafotokoza pansi pa tsamba. Ine ndimakonda njira yoyambayo pa ndakatulo zenizenizo, chifukwa ndakatulo ya mizere iwiri yofuna mizere isanu yoifotokoza yataya kale mphamvu yake. Pa maina a zigawo pokha, mawu a Chitamil akhoza kutsala, kufotokoza kwake n'kuperekedwa kamodzi m'mawu oyamba a buku.