Khwangwala wa d'Hondecoeter ndi Kaphunzitsidwe ka Nthano

M'nkhani ino tifuna kuona zimene zimachitika pamene nthano yachotsedwa pakamwa n'kuikidwa pa chithunzi. Chitsanzo chathu ndi chithunzi chimene Melchior d'Hondecoeter (1636–1695), mmisiri wa ku Netherlands wodziwika pojambula mbalame, anajambula mu 1671, chimene chimasungidwa ku Mauritshuis mumzinda wa The Hague. Gwero lake ndi nthano ya Aesop ya mbalame yakuda imene inadzikongoletsa ndi nthenga za anzake, eni nthengazo n'kuizindikira.

Wojambulayo sanafotokoze nthano yonse ayi. Anasankha mphindi imodzi yokha, ya manyazi, pamene mbalame zikuzula nthenga zawo. Za kutola nthenga ndi kudzitama kuja woonerera ayenera kubwera nazo m'mutu mwake. Anthu a nthawi yake anali nazo, pakuti mabuku a nthano za nyama okhala ndi zithunzi, monga la Joost van den Vondel la mu 1617, anali ofala. Chithunzicho chinali chokumbutsa, osati chophunzitsa.

Apa ndi pamene pagona vuto la mphunzitsi wa Chinyanja ku Silverest, m'boma la Chongwe. Mwana amene sanaimvepo nthanoyo aona mbalame zikuzunza inzawo, ndipo chifundo chake chipita kwa wakubayo. Vuto lina ndi la dzina. Mbalame ya d'Hondecoeter ndi yakuda thupi lonse, pamene khwangwala wathu ali ndi choyera pakhosi ndi pachifuwa. Tikamasulira kuti "khwangwala", mwana angafunse kuti wokhala nacho kale chokongola chotere akuberanji nthenga. Funsolo si lopusa, ndipo likusonyeza kuti liwulo lasuntha maziko a nthano.

Kwathu nthano imayamba ndi "Padangokhala", omvera n'kuvomera kuti "Tili tonse". Ili ndi nyimbo, ndipo wosimba amasintha mawu akafika pa Kalulu kapena Fisi. Chithunzi sichivomera, sichiimbanso. Chimene chili nacho ndi kuima chilili, kotero kuti ana angathe kuloza mbalame iliyonse ndi kukangana za dzina lake. M'kalasi momwe ena kwawo amalankhula Chisoli, mkangano wotere ndi phunziro la mawu palokha.

Maganizo athu ndi akuti nthano iyambe yasimbidwa pakamwa, chithunzi chibwere pambuyo, monga zinalili kwa amene anachiona mu 1671.