Chiphaso cha katemera wa chiwewe nchofunika kwa oweta agalu ndi amphaka

Aliyense woweta galu kapena mphaka ayenera kusunga bwino chiphaso chimene madokotala a ziweto amapereka chiweto chikalandira katemera wa chiwewe. Chiphasochi chimasonyeza mwini chiweto, tsiku limene chinabayidwa komanso nthawi yokabayitsanso.

Kufunika kwake kumaonekera pamene chiweto chaluma munthu. Wolumidwayo amayenera kutsuka bala ndi sopo kwa mphindi 15 ndi kuthamangira kuchipatala. Kumeneko chiphasochi chimathandiza achipatala kudziwa kukula kwa chiopsezo, pamene chiwetocho chikuyang'aniridwa kwa masiku 10. Mawu apakamwa sakhala umboni wokwanira, pakuti pafupifupi aliyense amene waonetsa zizindikiro za chiwewe amamwalira.

Malingana ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka, ambiri mwa iwo mu Africa ndi Asia, ndipo kubaya agalu 70 mwa 100 aliwonse m'dera kumathetsa kufala kwake.

Ogwira ntchito m'boma amene atumizidwa kunja akumbukirenso kuti mayiko monga Britain amafuna umboni wa katemerayu asanalole galu kapena mphaka kulowa m'dziko mwawo.