Mawu Atatu Ovuta Polemba za Kukonza Galimoto Pakhomo

Loweruka m'mawa, m'makomboni ndi m'mayadi a ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, si chachilendo kuona galimoto itaimikidwa patsinde pa mango, boneti ili yasa, mwini wake atawerama pa injini, mwana ali potero atanyamula sipanala. Ambiri mwa anthu amenewa si amakaniko ayi. Ndi aphunzitsi, alembi a m'maofesi ndi ochita malonda amene anaona kuti ndalama zothamangira nazo kugalaja pa vuto lililonse palibe. Zimene amadziwa anachita kutola kwa anzawo, kapena poonerera amisiri a ku Ndirande ndi malo ena otere.

Galimoto zambiri za m'misewu ya Malawi masiku ano n'zogwiritsidwapo kale ntchito ku Japan, kumene galimoto zimayendanso kumanzere kwa msewu. Zochuluka zimatsikira padoko la Dar es Salaam ndi kulowera pachipata cha Songwe. Kabuku ka malangizo kopezeka m'galimoto zotere, ngati kalimo n'komwe, kamakhala ka m'Chijapani. Choncho ntchito yofotokozera anthu m'Chichewa yagwera olemba nkhani, akonzi ndi aphunzitsi a ntchito zamanja. Tsono malangizo a za galimoto amasiyana ndi nthano. Liwu losamveka bwino m'nthano limangosukulutsa nkhani, pamene m'malangizo limatha kupha injini, mwinanso munthu amene. Mawu amene amasokoneza kwambiri si achilendo ayi, koma a Chichewa chenicheni: mafuta, madzi ndi moto.

Mafuta

Mlembi akalemba kuti "onani ngati mafuta alimo okwanira, ndipo ngati achepa thiranimo ena," amakhala kuti sananene kanthu. M'galimoto imodzi mumatha kukhala zinthu zisanu ndi chimodzi zimene anthu amazitcha mafuta: petulo kapena dizilo, za mu injini, za mu giyabokosi, za mabuleki, za chiwongolero ndiponso girizi. Izi sizingasinthanitsidwe malo mwachisawawa.

Choopsa koposa chili pa mabuleki. Dalaivala akaponda buleki, mphamvu ya phazi lake imadutsa m'timipope todzaza ndi mafuta mpaka kukafika kumatayala. Mafutawo sataika chifukwa amatchingidwa ndi timphira. Oyilo wa injini akathiridwa m'kabotolo ka mabuleki amatupitsa timphirato, ndipo pakapita masiku buleki imakana kugwira kapena imagwira osasiya. Mafuta oyenera amadziwika ndi chizindikiro cholembedwa pachivundikiro cha kabotoloko, kawirikawiri DOT 3 kapena DOT 4. Akakhala atsopano, a DOT 3 sawira asanafike pa madigiri 205, ndipo a DOT 4 asanafike pa 230. Koma mafutawa ali ndi khalidwe loyamwa chinyontho cha mumpweya, ndipo akayamwa amawira msanga. Pamtsetse wautali, monga wa Chiweta kapena wotsikira ku Chikwawa kuchokera ku Blantyre, mabuleki amatentha kwambiri. Mafuta akale amachita thovu, phazi n'kungolowa mpaka pansi galimoto ikupitabe. N'chifukwa chake opanga galimoto ambiri amalangiza kuti mafutawa azitayidwa ndi kuthira atsopano pakatha zaka ziwiri, ndiponso kuti botolo lotsegulidwa kalekale lisagwiritsidwe ntchito.

Pali akonzi ena amene amafufuta liwu loti oyilo ponena kuti palibe chifukwa chobwerekera pomwe Chichewa chili ndi liwu lake. Maganizo amenewa ndi olemekezeka, koma pano sathandiza. Anthu a m'magalaja anasiyanitsa kale okha: akati mafuta a galimoto amanena petulo kapena dizilo, akati oyilo amanena zofewetsa zitsulo za mu injini. Mkonzi wofufuta oyilo amaphatikizanso zinthu zimene eni ntchito anazilekanitsa. Chofunika n'chakuti m'malangizo liwu loti mafuta lisaime lokha. Lizitsagana ndi mawu olimasulira, monga mafuta a mabuleki kapena mafuta a chiwongolero, ngakhale kubwerezako kutaoneka ngati kotopetsa.

Nayenso oyilo ali mitundumitundu. Zilembo ndi manambala a pachigubu, monga 20W-50, 5W-30 kapena 0W-20, zimasonyeza kulemera kapena kupepuka kwake injini ikazizira ndiponso ikatentha. Zimenezi sizimasuliridwa, zilembedwe monga zilili, pakuti wowerenga akukazifuna m'sitolo. Injini zakale zinkakonda oyilo wolemera, koma zambiri zatsopano zinapangidwira wopepuka, ndipo mwambi wa m'makomboni woti oyilo wabwino ndi wolemera wavulaza injini zosawerengeka. Chimodzimodzinso giyabokosi yosintha yokha magiya. Yamtundu wa CVT, imene ili m'galimoto zing'onozing'ono zambiri za ku Japan, ili ndi oyilo wakewake, wosiyana ndi wa ATF.

Madzi

Mawu oti "madzi a batire" amanenedwa pa zinthu ziwiri zosiyana ngati usiku ndi usana. Batire la galimoto lili ndi zipinda zisanu ndi chimodzi, chilichonse chopereka mavoti awiri ndi pang'ono, zonse pamodzi n'kukwana 12. M'zipindamo muli asidi wosakanizidwa ndi madzi. Zam'katizo zikatsika, chimene chimakhala chitachepa ndi madzi, asidi amatsalira. Choyenera kuwonjezera tsono ndi madzi otchezedwa, opanda mchere uliwonse, osati asidi, osatinso madzi a pamjigo. Munthu wowerenga kuti "thirani madzi a batire" akhoza kukagula asidi, amene amaononga batirelo, kubowola zovala ndi kuchititsa khungu akadonthera m'maso. Mlembi alembe madzi otchezedwa pamene akunena madzi, ndi asidi pamene akunena asidi. Atchulenso kuti mabatire ena ndi omata, osafunika kutsegulidwa n'komwe.

Madzi enanso ndi a mu lediyeta. Mneni woti kuwira, monga m'chiganizo choti "galimoto yawira," ndi wabwino ndipo palibe chifukwa chomufunira mnzake. Chimene olemba amaiwala n'kufotokoza chifukwa chake chivundikiro sichitsegulidwa injini ili yotentha. Madzi a m'menemo amakhala opanikizika, motero amatentha kupitirira madigiri 100 osawira. Chivundikiro chikangotsegulidwa amawira nthawi yomweyo ndi kuthovokera kumaso.

Komanso zimene zimathiridwa mu lediyeta si madzi okha. Amasakaniza ndi mankhwala obiriwira, ofiira kapena apinki, oletsa dzimbiri ndi kuchedwetsa kuwira. Ambiri mwa mankhwala amenewa amatsekemera, chonsecho ndi poizoni woononga impso. Pakhomo pamene pali ana ndi agalu, otsala akasungidwa m'botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi, maliro sakhala patali. Apa liwu loti madzi limagonetsa munthu tulo. Ndi bwino kulemba kuti mankhwala oziziritsira injini, chifukwa kholo lililonse limadziwa kuti mankhwala amabisidwa.

Moto

Liwu lachitatu lili m'dzina lenileni la galimoto, limene ambiri amati linachokera ku gari, liwu la Chiswahili lotanthauza ngolo, ndi moto. Munthu akati "galimoto ilibe moto" angatanthauze kuti batire latha mphamvu, kapena kuti mapulagi sakuthetheka. Pakamwa zimenezi zimamveka, chifukwa wolankhula amaloza ndi chala. Papepala palibe chala. Chiganizo choti "yesani ngati moto ukufika" chiyenera kugawidwa: magetsi ponena za mphamvu yoyenda m'nthambo, kuthetheka ponena za mapulagi, ndipo moto usiyidwire malawi enieni, amene amafunikanso kutchulidwa popeza batire limatulutsa mpweya wosachedwa kuyaka.

Pochotsa batire, nthambo yoyamba kumasulidwa ndi ya kumutu wa chizindikiro cha −, ndipo pobwezera ndiyo yomalizira. Chifukwa chake n'chakuti chitsulo chonse cha thupi la galimoto n'cholumikizidwa kumutu umenewo. Munthu akayambira kumutu wa +, sipanala ikangokhudza thupi la galimoto magetsi amadutsa mwamphamvu, kumathetheka, ndipo batire likhoza kuphulika. Olemba ambiri amathawa zizindikirozi nalemba kuti nthambo yofiira ndi nthambo yakuda. Izi n'zosadalirika pa galimoto imene yadutsa m'manja ambiri, pakuti wokonza aliyense amaikamo nthambo imene wapeza.

Palinso vuto lina limene olemba a kale sanakumane nalo. Kuyambira pamene Toyota Prius inatuluka mu 1997, ndi Toyota Aqua mu 2011, pali galimoto zoyendera petulo ndi magetsi omwe. Kupatula batire wamba, zili ndi batire lina lalikulu: la Aqua yoyambirira limapereka mavoti 144, ndipo la Prius limafika pa 200 kapena kuposa. Nthambo zake n'zamtundu wa lalanje lakupsa, ndipo zikhoza kupha wozigwira. Tsono m'Chichewa tsinde loti -fiira limanenedwa pa magazi, pa dothi la katondo, pa ng'ombe ndiponso pa lalanje lomwe. Mlembi wolangiza kuti "masulani nthambo yofiira" angatumize wowerenga kunthambo imene sayenera kuikhudza. Pa galimoto zotere mtundu wa lalanje utchulidwe ndi dzina, ndipo malangizo anene poyera kuti imeneyo si ntchito ya pakhomo.

Aneni ofunika kuwasamala

Mneni woti kusintha amasenza katundu wa anthu awiri. "Kusintha fyuzi" kungakhale kuika ina yofanana ndi imene yapsa, kapena kuika yamtundu wina. Fyuzi ndi kachitsulo kopangidwa dala kuti kaduke magetsi akachuluka, nthambo zisanayake. Nambala yake imalembedwa pamwamba, ndipo mwa timafyuzi tapulasitiki ya 10 imakhala yofiira, ya 15 yabuluu, ya 20 yachikasu. Woika ya 30 pamalo pa ya 10, kapena wokulunga waya pofuna kuti wailesi yamphamvu imene wawonjezera isazime, sanakonze kanthu. Wangochotsa mlonda pakhomo. Pa ntchito yoyamba pakuyenera mneni woti kubwezeretsa, ndipo pa yachiwiri mawu oti kusintha kapangidwe, kuti wowerenga adziwe kuti akupatuka pa zimene wopanga galimoto anakonza.

Zosintha kapangidwe zilipo zambiri, ndipo si zonse zoipa. Kuika chitsulo chotchinjiriza kumimba kwa injini kumathandiza m'misewu yafumbi. Koma kuchotsa kachitseko koyendetsa madzi a mu injini molingana ndi kutentha, monga amachitira ambiri poganiza kuti m'dziko lotentha n'kopanda ntchito, kumachititsa injini kuchedwa kufunda, kumwa mafuta ambiri ndi kutha msanga. Matayala aakulu kuposa oyenera amanamiza kawotchi kosonyeza liwiro. Nkhani imene yatcha zonsezi "kukonza" imakhala itazivomereza mosadziwa.

Pa za matayala, Chichewa chili ndi aneni awiri abwino amene olemba amawasakaniza. Kukhwefula nati ndi kuifewetsa chabe, kumasula ndi kuichotseratu. Manati amakhwefulidwa tayala likadali pansi, namasulidwa galimoto itakwezedwa. Jeke nayenso ntchito yake ndi kukweza, osati kuchirikiza. Munthu asalowe kunsi kwa galimoto yokhala pa jeke yekha, ngakhale pa njerwa, zimene zimaphwanyika mosachenjeza. Pafunika zochirikiza zachitsulo, pamalo olimba ndi athyathyathya, matayala otsala atatsekerezedwa.

Kalembedwe ka mawu obwerekera

Mawu ambiri a ntchitoyi anakhazikika kale potsata maphatikizo a Chichewa, amene amathera ndi lembo la liwu: buleki, pulagi, sipanala, giya, jeke, bawuti, boneti. Povuta ndi pa l ndi r. Lamulo limati r amatsatira e kapena i, ndipo l amalembedwa pena ponse. Batire ndi girizi amamvera lamuloli, ndipo lediyeta ayenera kuyamba ndi l ngakhale ena amalemba r potengera Chingerezi. Koma dizilo ndi oyilo, amene mwa lamulo akanakhala diziro ndi oyiro, anazolowereka ndi l m'nyuzi ndi pazikwangwani, kotero kuti kuwawongola tsopano kungadabwitse owerenga koposa kuwathandiza. Mkonzi asankhe kalembedwe kamodzi ndi kukasunga kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza.

Magulu a mayina nawonso amafuna diso. Tayala, batire ndi bawuti akhazikika m'gulu la Li-Ma: tayala laphwa, matayala aphwa. Oyilo, petulo ndi asidi amatenga agwirizanitsi a gulu la Mu-A: oyilo wada, asidi watayika. Injini ili m'gulu la I-Zi, ngakhale pochulukitsa mainjini amamvekanso. Galimoto ndiyo yosakhazikika kwenikweni. Kumamveka galimoto yafa, galimoto lafa, ndipo m'mabuku ena akale muli galimoto wafa. Pochulukitsa ena amati galimoto ziwiri, ena magalimoto awiri. Zonsezi n'zomveka, koma m'nkhani imodzi galimoto imene yayamba ndi "yawira" isadzamalize ndi "lazizira".