Chikondi cha akuluakulu m'makatuni a ku Japan

Munthu amene adadikirirapo sitima pa Nayuchi amadziwa kuti nthawi siyenda. Sitima za malasha zochokera ku Moatize zimadutsa ndi mabogi osawerengeka kulowera ku Entre Lagos mpaka kudoko la Nacala, koma wapaulendo wofuna kukafika ku Liwonde kapena ku Balaka amangokhala pa thumba lake la mpunga n'kumayang'ana njanji.

Chimene chimafupikitsa nthawi ndi nkhani, ndipo nkhani zake n'zodziwika. Mwamuna wa uje adapita ku Joni, chaka chachitatu chino osatumiza ngakhale bulangete. Mayi wamasiye uja akuti wayamba kuseka ndi mphunzitsi watsopano. Mwana wa a uje wakwanitsa zaka 30 popanda womufunsira. Anthu amaseka mpaka kugwira nthiti, koma aliyense amadziwa kuti mwini nkhaniyo sagona tulo.

Ku Japan, nkhani zomwezi amazijambula pamanja, kuzisindikiza ndi kuzigulitsa, ndipo abambo ndi amayi amaziwerenga m'sitima popita kuntchito, masiku ano makamaka pafoni. Mabuku a zithunziwa amawatcha manga. Amawerengedwa kuyambira kumanja kupita kumanzere monga Chiarabu, choncho amene adaphunzira kumadrasa sangavutike nawo.

Kuno kwathu ambiri amati katuni ndi chidole cha ana. Komatu amene adakula akuwerenga Joza wa Vic Kasinja, Pewani wa Brian Hara, Amtchona wa James Kazembe kapena Chatsalira wa m'Boma Lathu akudziwa kuti nthabwala zambiri za m'menemo zinkalasa akuluakulu. Kusiyana kwake n'kwakuti katuni wathu amathera m'timabokosi tochepa, pamene manga imodzi imatha kuyenda zaka zambiri, anthu ake akukula, kulephera mayeso, kuchotsedwa ntchito ndi kukwatira owerenga akuona.

Osindikiza a ku Japan amagawa magazini awo malinga ndi owerenga. Pali za anyamata ndi za atsikana, komanso pali seinen, za abambo, ndi josei, za amayi. M'magulu awiri omalizawa ndi momwe muli nkhani zachikondi zoseketsa zimene mwana sangamve kukoma kwake.

Chitsanzo chotchuka ndi Maison Ikkoku, imene mayi Rumiko Takahashi adajambula m'magazini ya Big Comic Spirits kuyambira 1980 mpaka 1987, ndipo itasonkhanitsidwa idakwana mabuku 15. Nkhani yake imachitikira pa nyumba yakale ya lendi mumzinda wa Tokyo, yofanana ndi midadada ya m'matauni athu. Mnyamata wina, Yusaku Godai, walephera mayeso olowera kuyunivesite ndipo watopa ndi anzake a pamdadadapo. Wina adaboola khoma kuti azimubera chakudya, mayi wina ndi chidakwa chamiseche, ndipo onse amachitira maphwando a mowa m'chipinda mwake iye akufuna kuwerenga. Tsiku limene walongedza kuti asamuke, pakhomo pafika woyang'anira nyumba watsopano, Kyoko Otonashi. Godai sadasamukenso.

Chimene sadadziwe n'chakuti Kyoko ndi wamasiye. Adakwatiwa ndi mphunzitsi wake wakale, Soichiro, amene adamwalira patangotha miyezi isanu ndi umodzi ali pabanja. Nyumbayo ndi ya apongozi ake. Galu wake amamuitana ndi dzina la malemuwo, moti tsiku ndi tsiku dzina la mwamuna wakufa limamveka pabwalo.

Apa ndi pamene pali luso la Takahashi. Zoseketsa zilipo zambiri. Wopikisana ndi Godai ndi mphunzitsi wa tenisi wolemera, wooneka bwino ndiponso wagalimoto, koma amanjenjemera akaona galu. Pansi pa phwete lonselo pali funso lolemera: kodi mnyamata wosauka angapikisane bwanji ndi munthu wakufa, amene sangalakwitsenso kanthu? Mayi ake a Kyoko akumukakamiza kusiya dzina la mwamuna wake n'kukwatiwanso msanga. Iye sakufuna kuiwala, komanso ali ndi nsanje akaona Godai ndi mtsikana wina. Alibe mtima wa mngelo: amakwiya, amanyanyala, ndipo nthawi zina amaweruza asanamve mbali ya mnzake.

Owerenga adadikira zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri kuti awiriwa amvane. Godai sadalemere. Adavutika kupeza ntchito, mapeto ake n'kukhala mphunzitsi wa sukulu yamkaka. Atamufunsira, Kyoko adavomera koma ndi pempho limodzi, lakuti mwamunayo asadzatsogole kufa, adzakhaleko ndi moyo ngakhale tsiku limodzi iye atapita, chifukwa sangathe kusiyidwanso kachiwiri. Pambuyo pake Godai adapita kumanda a Soichiro kukanena kuti sakufuna kumufufuta, popeza mkazi amene adamukonda adamupeza ali kale ndi malemuwo mumtima.

Mayi wamasiye wa ku Machinga kapena ku Balaka, amene adadutsa m'mwambo wa kusudzula, n'kumva anthu akuwerengera miyezi kuti aone ngati wafulumira kuvula zakuda, sangafune womumasulira tsamba limenelo. Lamulo la chuma chamasiye la 2011 lidaletsa kulanda katundu wa amasiye, koma palibe lamulo limene lingatseke pakamwa pa anthu a pachitsime.

Nkhani ina imakhudza ndalama, zomwe maanja ambiri amachita nazo manyazi. Tsunami Umino adayamba kujambula Nigeru wa Haji da ga Yaku ni Tatsu mu 2012 m'magazini ya amayi ya Kiss. Mikuri, wa zaka 25, ali ndi madigiri awiri koma ntchito njee. Ayamba kugwira ntchito ya m'nyumba kwa Tsuzaki, katswiri wa makompyuta amene sadakhalepo ndi chibwenzi. Makolo a Mikuri atasamuka mumzindamo, awiriwa adagwirizana zonamizira banja pamaso pa abale, pamene kuseri mwamuna ndi bwana, mkazi ndi wantchito wolandira malipiro pamwezi.

Monga mwa nthawi zonse, chikondi chidalowerera. Koma Tsuzaki atanena kuti akwatirane zenizeni, n'kutchulapo kuti potero asunga ndalama, Mikuri adadzidzimuka. Ndiye kuti kuphika, kuchapa ndi kukolopa kumene dzulo kunali ndi mtengo, lero kukhale kwaulere chifukwa chakuti amamukonda? Nkhaniyi itasanduka sewero la pawailesi yakanema mu 2016, dziko la Japan lidakangana za mtengo wa ntchito ya mayi wapakhomo. Funso limeneli likadafunsidwa pamaso pa ankhoswe kuno, bwenzi ena atatsokomola. Mayi amene amadzuka mbandakucha kukatunga madzi, kukalima, kuphika, kenaka n'kumva mwamuna akuuza alendo kuti mkazi wake sagwira ntchito, akudziwa chimene Mikuri ankatanthauza.

Za kuchedwa kukwatiwa nazo zilipo. Mu Tokyo Tarareba Girls ya Akiko Higashimura, imene idayamba mu 2014 ndipo idapata mphotho ya Eisner ku America mu 2019, amayi atatu a zaka 33 amakumana pamalo omwera n'kumadandaula kuti ndikadatere, ndikadatere. Mmodzi adakana mwamuna zaka khumi zapitazo pomuona wosatchena, lero mwamunayo watukuka ndipo maso ake ali pa mtsikana wamng'ono. Ku Japan akazi amalowa m'banja loyamba ali ndi zaka pafupifupi 30. Kuno vuto lalikulu lili mbali inayo, mpaka Nyumba ya Malamulo idasintha malamulo oyendetsera dziko mu 2017 kuti pasakhale ukwati wa mwana wosakwana zaka 18. Koma namwino kapena mphunzitsi wamkazi amene adatsata sukulu, n'kumafunsidwa pamaliro paliponse kuti tidzavina liti, angadzione yekha m'bukuli.

Sikuti zonse za m'gulu limeneli n'zabwino. Zina n'zachabechabe, zongobwereza za mwamuna wamanyazi ndi mkazi wokongola, ndipo zina n'zolaula zenizeni. Apa ndi pomwe maganizo akuti katuni ndi wa ana amapweteketsa. Kholo limalanda foni likaona filimu yokayikitsa, koma likaona zithunzi zojambula za anthu a maso akuluakulu limangodutsa, poganiza kuti mwana akuonera zidole. Ngakhale Maison Ikkoku, yomwe ndi yaulemu, ili ndi mowa wambiri, nthabwala za akuluakulu ndi masamba a kuchipinda chakumapeto.

Mabuku omasuliridwa m'Chingerezi amakhala ndi chizindikiro cha msinkhu kuchikuto chakumbuyo. A kampani ya Viz Media amalemba T pa za achinyamata, T+ pa za achinyamata okulirapo, ndi M pa za akuluakulu okha, pamene a Kodansha amalemba manambala monga 13+, 16+ ndi 18+. Koma masamba a pa intaneti amene amagawa manga zakuba mwaulere nthawi zambiri saika chikuto chakumbuyocho, ndipo pambali pa nkhaniyo pamatuluka zotsatsa zimene kholo silingafune kuona limodzi ndi mwana wake. Mwana wa Fomu 2 wokhala ndi bandulo ya usiku amafika kumeneko mosavuta kuposa bambo ake.