Tizilombo ta M'nthaka Tomwe Timadya Mafuta Otayika

Pamalo pomwe pali injini zothirira mbewu, zigayo kapena pokonzera mathirakitala, nthaka imada ndi dizilo ndi oilo wakutha. Choopsa kwambiri m'mafutamo ndi mankhwala omwe maatomu ake a kaboni amalumikizana asanu ndi limodzi ngati mphete. Benzene ali ndi mphete imodzi, naphthalene ziwiri, pamene benzo[a]pyrene ali nazo zisanu. Benzene ndi benzo[a]pyrene amayambitsa khansa, ndipo benzene amatsika msanga ndi madzi. Lipoti la UNEP la 2011 linapeza kuti zitsime zina ku Ogoniland, m'dziko la Nigeria, zinali ndi benzene woposa muyezo wa WHO kuwirikiza ka 900.

Mphetezi nzolimba, koma m'nthaka muli kale mabakiteriya, monga Pseudomonas ndi Mycobacterium, otha kuziswa. Tizilomboti tili ndi maenzaimu omwe amalowetsa maatomu awiri a okosijeni pa mphete. Ikatero imafooka, enzaimu ina nkuidula, zidutswa zake nkusanduka chakudya. Pomaliza pamatsala madzi ndi mpweya wa carbon dioxide.

Kawirikawiri chimene chimasowa si tizilombo ayi, koma mpweya, chinyontho ndi michere. Mafuta amatseka timipata ta mpweya m'dothi, komanso alibe nayitirojeni ndi fosiforasi wokwanira. Nchifukwa chake sitima ya Exxon Valdez itataya mafuta ku Alaska mu 1989, akatswiri anathira feteleza pagombe kuti mabakiteriya achulukane.

Alangizi athandize alimi motere:

1. Tsekani kaye pomwe mafuta akudontha.
2. Kumbani dothi lodalo, muliyale mopyapyala pa simenti kapena pulasitiki, kutali ndi chitsime ndi mtsinje.
3. Sakanizani ndi manyowa owola bwino kapena feteleza pang'ono.
4. Tembenuzani ndi khasu sabata iliyonse.
5. Thirirani kuti likhale lonyowa koma losadikha madzi, chifukwa madzi ochuluka amathamangitsa mpweya.

Kutha kwa fungo kusatinyenge. Mankhwala a mphete zochepa amatha pa miyezi yowerengeka, koma a mphete zinayi kapena zisanu sasungunuka bwino m'madzi, amamatirira ku dothi ndipo amatha kukhalamo zaka. Dothi lotere lisabwerere ku dimba la ndiwo zamasamba kapena mbatata lisanayesedwe ku labotale.