Mtolo wa Nkhani ndi Luzi Lake

Lero tikambirana za m'mene kompyuta ingakanire colakwa cisanalowe m'kaundula.

Poyamba yang'anani rejisitala ya kalasi lanu. Ili ndi mizera yopingasa ndi mizera yotsika. Mzera wopingasa uli wonse ndi wa mwana mmodzi, ndipo mzera wotsika uli wonse usunga cinthu cimodzi, monga dzina, zaka kapena mudzi. M'caka ca 1970 katswiri wina wa kampani ya IBM, Edgar Codd, analongosola kuti nkhani za m'makompyuta zingasungidwe m'matebulo otere, tebulo lina nkumagwirizana ndi linzake. Nkhokwe ya nkhani yomangidwa motere ichedwa relational database.

Koma ziripo nkhani zina zimene siziyenda zokha. Aphunzitsi akacongera mwana mayeso, alemba kuti 32 pa 40. Nambala yoyamba ndi malikisi amene mwana wapeza, yaciwiri ndi malikisi onse a mayesowo. Mukataya imodzi, inzakeyo isowa tanthauzo. Cifukwa ca ici akatswiri aika nambala ziwirizi pamodzi monga nkhuni za mtolo umodzi, naucha mtolowo composite type.

Tsono mtolo ufuna luzi. Tiyerekeze kuti mlembi wotopa walemba 45 pa 40. Nambala 45 payokha ilibe vuto, 40 nayonso ilibe vuto. Koma zikakhala pamodzi zinena cinthu cosatheka, pakuti palibe mwana angapeze malikisi oposa amene analipo. Colakwa cotere cioneka pokha-pokha poyang'ana mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Luzi lake ndi lamulo lakuti nambala yoyamba isapose yaciwiri. Mtundu wa nkhani umene uyenda ndi lamulo lake-lake akatswiri aucha domain.

Imodzi mwa nkhokwe zodziwika pa dziko lonse ndi PostgreSQL, imene ciyambi cake ndi nchito ya Michael Stonebraker ndi anzake pa yunivesite ya ku Berkeley, ku America, m'caka ca 1986. Kwa zaka zambiri nkhokweyi inali kulola domain pa nkhani imodzi, monga nambala kapena dzina, koma osati pa mtolo. Wofuna kuletsa 45 pa 40 anayenera kulemba lamulo lija pa tebulo liri lonse payekha: la masamu, la sayansi, la Cinyanja. Akaiwala tebulo limodzi, colakwa cinali kulowera pomwepo, monga mbuzi ipeza pamene mpanda wa dimba uli woboola.

Mu Okutobala 2018 munatuluka PostgreSQL 11, ndipo m'menemo anawonjezamo mphamvu yoika domain pa mtolo. Tsopano lamulo lilembedwa kamodzi, nilimangidwa pa mtolowo. Kuli konse kumene mtolo upita, luzi lake lipita nawo. Munthu akayesa kulowetsa 45 pa 40, kompyuta ikana kusunga, nimuuza kuti lamulo laswedwa.

Malo okhala nawonso ndi mtolo: mudzi, mfumu ndi boma. Mkaika, kumene akhala Kalonga Gawa Undi, ali m'boma la Katete. Mfumu Pembamoyo ali m'boma la Vubwi. Wina akalemba kuti Mkaika ali m'boma la Vubwi, maina onse awiri ndi oona, koma mtolo wake ndi wabodza. Kumbukiraninso kuti malamulo alembedwa ndi anthu, ndipo zinthu zisintha. Caka ca 2012 cisanafike kunalibe boma la Sinda kapena la Vubwi. Sinda anadulidwa ku Katete ndi Petauke, Vubwi anadulidwa ku Chadiza. Zikasintha cotero, amene ali ndi lamulo pa malo amodzi akonza kamodzi kokha, pamene mnzake afufuza matebulo onse.

Komabe luzi lili ndi malire ake. Mwana akapeza 38 pa 40, mlembi nkulemba 28 pa 40, kompyuta ilandira mosakayika, cifukwa lamulo silinaswedwe. Mwanayo wataya malikisi 10 amene anawagwirira nchito, ndipo mwina angatsike pa mndandanda wa kalasi popanda cifukwa. Makina aletsa zosatheka zokha. Zoona zeni-zeni asunga ndi munthu wogwira colembera. Motero, aphunzitsi, werengani kawiri musanatumize malikisi. Inunso ana, mukalandira pepala lanu, onkhetsani malikisi nokha.

Nayi nchito ya m'kalasi. Aphunzitsi alembe pa bolodi mitolo iyi: 18 pa 20, 31 Epulo, 29 Febuluwale 2024, 29 Febuluwale 2023, 12 pa 10. Ana apeze mitolo imene iyenera kukanidwa, ndipo anene lamulo limene uli wonse waswa. Pambuyo pake yense apange mtolo wake, aumange ndi lamulo, napatse mnzake kuti auyese.

Tsalani bwino, tidzakumananso pa phunziro likudzalo.